Kuyala mapeva pabwalo ku Kafue: ntchito imayamba ndi njira ya madzi

KAFUE, Zambia - Mwini nyumba aliyense m'tauni ya Kafue amawadziwa mavuto awiri a pabwalo: matope kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Malichi, ndi fumbi louluka ndi mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala.

Pofuna kuthana ndi mavuto onse awiriwa, mabanja ambiri masiku ano akuyala pabwalo njerwa zing'onozing'ono za simenti, zomwe amisiri ndi ogulitsa amazitchula kuti mapeva.

Ntchitoyi imaoneka yapafupi, ndipo ena amaigwira okha pamodzi ndi ana ndi adzukulu. Koma bwalo loyalidwa mothamanga limayamba kutitimira mvula yoyamba ikangogwa. Madzi amene kale ankalowa m'nthaka amayamba kuthamangira kukhoma la nyumba, kuchimbudzi kapena pakhomo la mnansi.

Chimene chimalimbitsa bwalo la mapeva ndi zinthu ziwiri zimene mlendo saziona: maziko amene ali pansi pake, ndi njira imene madzi a mvula apatsidwa kuti adutsemo.

Tauni ya mafakitale m'mphepete mwa dambo

Tauni ya Kafue ili pamtunda wa makilomita oposa 40 kummwera kwa mzinda wa Lusaka, kumpoto kwa mtsinje wa Kafue. Ili pamalo pamene dambo lalikulu la Kafue Flats limathera, mtsinjewo usanalowe m'mapiri.

Tauniyi inakula kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, pamene boma linamangako mafakitale monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa m'nyengo yomweyo kuti muzikhala ogwira ntchito.

Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za boma kwa anthu amene ankakhalamo. Kuchokera nthawi imeneyo, anthu ambiri m'matauni a Zambia anakhala eni nyumba. Munthu akakhala m'nyumba yakeyake amamanga mpanda, amaika geti, kenako maso ake amagwera pabwalo.

Zipangizo sizichokera kutali. Fakitale ya simenti ya ku Chilanga, yomwe inakhazikitsidwa mu 1949 ndipo simenti yake inamangira damu la Kariba, ili pamsewu womwewo wopita ku Lusaka. M'mbali mwa msewuwo mumapezeka oumba mabuloko ndi mapeva, ndiponso ogulitsa mchenga ndi miyala yophwanya.

Mapeva a simenti a mtundu uno anayamba kutchuka m'dziko la Netherlands nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene njerwa zadothi zoyalira misewu zinasowa chifukwa zinkafunika pomanganso nyumba. Ubwino wake ndi womwewo mpaka lero: samatidwa ndi simenti, choncho akhoza kuzulidwa ndi kubwezeredwa pamalo pake popanda kuswa kanthu.

Nthaka ya ku Kafue si imodzi

Asanagule peva ngakhale limodzi, mwini nyumba ayenera kudziwa nthaka ya pamalo pake. Nyumba ya ku Shikoswe, ya ku Nangongwe ndi ya ku Zambia Compound sizingakhale panthaka yofanana, ndipo ngakhale mapuloti awiri oyandikana amasiyana.

Kumalo okwera, nthaka imakhala yolimba ndi yamiyala, ndipo madzi sachedwa kuchoka. Kumalo otsika, makamaka kufupi ndi mtsinje ndi madambo, kumapezeka dothi lakuda lamakande.

Makande amafufuma akamwa madzi, ndipo amanyala ndi kuchita ming'alu dzuwa likawomba. Chilichonse choyalidwa pamwamba pake chimakwera ndi kutsika chaka ndi chaka. N'chifukwa chake bwalo la konkire limang'aluka pamalo otere, ndipo mapeva amachita mabampu.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Munthu akumbe dzenje lakuya theka la mita, atengemo dothi, alinyowetse ndi kulipota m'manja. Likapoteka ngati chingwe osaduka, ndiye kuti ndi lamakande. Kenako adzaze madzi m'dzenjemo. Akawapeza akadalimo tsiku lotsatira, adziwe kuti nthaka yake simwa madzi msanga, ndipo maziko ake adzafunika kukhala okhuthala.

Madzi saiwala khwawa

Dera la Lusaka ndi Kafue limalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 800 pachaka, ndipo yambiri imagwa m'miyezi inayi kapena isanu yokha.

Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a sikweya mita imodzi, amakhala madzi okwana lita imodzi. Choncho mvula yamphamvu ya mamilimita 25 ikagwa pabwalo la mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, pamakhala madzi okwana malita 750. Amenewa ndi pafupifupi migolo inayi ya malita 200. Denga la masikweya mita 100 limawonjezerapo malita ena 2,500 pamvula yomweyo.

Pabwalo ladothi kapena laudzu, gawo la madziwa limalowa pansi. Pabwalo la mapeva, mipata ikadzaza ndi fumbi, ambiri amayenderera pamwamba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: akapanda kupatsidwa njira, amadzipezera yawo.

Pachifukwa ichi, bwalo liyenera kutsetsereka kuchoka kunyumba. Muyeso wodziwika ndi masentimita 2 pamita iliyonse. Bwalo la mamita 5 liyenera kutsika ndi masentimita 10 kuchokera pakhoma kufika kumapeto kwake. Kutsika kumeneku maso sakuona kwenikweni, koma madzi amakutsata.

Pamwamba pa mapeva payeneranso kukhala pansi ndi masentimita 15, kuyeza kuchokera papulasitiki yotchinga chinyezi imene amisiri amaika pakhoma pamwamba pa maziko. Bwalo likakwera kupitirira pamenepo, khoma limayamba kumwa madzi, pulasitala amasupuka, ndipo m'nyumba mumanunkha chinyezi.

Funso lotsatira ndi la kumene madziwo akathere. Ngati pamsewu pali ngalande ya khonsolo, akhoza kulowa m'menemo. Ngati palibe, angalondoleredwe kudimba, kumitengo ya zipatso kapena m'dzenje lodzaza miyala lomwe amisiri amalitchula kuti soakaway. Dzenje lotere likhale mamita osachepera 5 kuchokera panyumba, ndiponso kutali ndi chimbudzi ndi chitsime.

Kuboola mpanda kuti madzi atulukire kwa mnansi ndiko kumayambitsa milandu pakati pa anthu amene akhala bwino zaka zambiri.

Nkhani yake ikukhudzanso umoyo. Zithaphwi zodikha ndimo mumaswana udzudzu wofalitsa malungo. Madzi osefukira m'chimbudzi chokumba amatulutsa zonyansa n'kuzimwaza m'njira ndi m'zitsime zosazama. Dziko la Zambia silinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 n'kupitirira mu 2024, pamene anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira, ambiri a iwo m'chigawo cha Lusaka.

Madzi ochoka m'mabwalo a ku Kafue amakathera mumtsinje wa Kafue, momwe makina a ku Iolanda amapopa madzi akumwa opita mumzinda wa Lusaka.

Kusankha mapeva

Mapeva amasiyana kukhuthala kwake. A mamilimita 50 amakwanira panjira yoyenda anthu okha. A mamilimita 60 ndiwo oyenera pabwalo loimikapo galimoto yaing'ono. Pamene padzadutsa lole yobweretsa mchenga kapena yopopa zimbudzi pamafunika a mamilimita 80.

Peva labwino limaumbidwa ndi makina ogwedeza ndi kupanikiza, kenako limathiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7. Konkire imafika pamphamvu yake yoyenera pakatha masiku 28. Peva logulidwa litangotuluka m'chikombole dzulo limasweka m'njira kapena pansi pa tayala.

Vuto lina limachokera kwa oumba amene amafuna kuti thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 litulutse mapeva ochuluka kupitirira muyeso. Mapeva otere amatsika mtengo, koma amayamba kuyoyoka pakangotha mvula ziwiri.

Wogula angathe kuwayesa pomwepo. Mapeva awiri olimba akawombanitsidwa amalira momveka bwino, pamene ofooka amamveka mogonthera. Msomali ukakanda pamwamba pa peva labwino umangosiya kamzere, osati kukumba. M'ngodya mwake simuyenera kunyenyeka ndi chala. Ndi bwinonso kuika mapeva khumi pamalo osalala ndi kuona ngati ali ofanana msinkhu, popeza osiyana msinkhu amavuta kuyala.

Kuwerengera zofunika

Mapeva ofala kwambiri ndi a mamilimita 200 m'litali ndi 100 m'lifupi. Oterewa amalowa 50 pasikweya mita imodzi.

Bwalo la mamita 6 ndi mamita 5 ndi masikweya mita 30, ndipo limafuna mapeva 1,500. Pamwamba pa amenewa pawonjezeredwe ena 75 mpaka 150 chifukwa cha oduka m'mphepete ndi osweka. Otsala asungidwe, popeza mtundu womwewo sungapezekenso pakapita zaka.

Pabwalo lomwelo, maziko okhuthala masentimita 15 amafuna makyubiki mita 4.5 a dothi lamiyala litatsindiridwa kale, choncho logula liyenera kupitirirapo. Mchenga woyalapo mapeva umakwana pafupifupi kyubiki mita imodzi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amathera ndalama zonse pamapeva okongola, n'kusiya zochepa za maziko, zonyamulira ndi zobwerekera makina. Ndalama zikachepa, nzeru ndi kuchepetsa malo oyala, osati kuchepetsa maziko.

Kukumba ndi kutsindira

Nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, nthaka ili youma.

Asanakumbe, mwini nyumba adziwe pamene padutsa mapaipi a madzi, a zonyansa ndi nthambo za magetsi. Mita ya madzi ndi zivundikiro za ngalande za zonyansa zisakwiriridwe, chifukwa a kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation, imene imatumikiranso Kafue, amafunika kuzifikira. Pamene pali chikaiko chokhudza magetsi, afunsidwe a ZESCO piki isanagunde pansi.

Malo amalembedwa ndi zikhomo ndi chingwe. Chingwecho chimangidwe pamsinkhu womwe bwalo lidzathere, kutsetsereka kwake kuli kale momwemo. Levulo kapena kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi ndi zokwanira kuyezera.

Kenako kumachotsedwa dothi lonse lapamwamba, udzu ndi mizu. Dothi limeneli ndi lachonde, ndipo malo ake ndi kudimba. Likasiyidwa pansi pa mapeva, zomera zake zimaola n'kusiya mphako.

Kuya kwa pokumba kumapezeka pophatikiza zinthu zitatu: peva la masentimita 6, mchenga wa masentimita 2.5 ndi maziko a masentimita 10 mpaka 15. Zonse pamodzi ndi masentimita 18.5 mpaka 23.5. Pamakande pamakumbidwa mozamirapo, ndipo dothi lochotsedwalo limalowedwa m'malo ndi lamiyala.

Pansi pa dzenjelo payenera kutsindiridwa poyamba. Pamwamba pake pamathiridwa dothi lofiira lamiyalamiyala lomwe amisiri amalitchula kuti laterite kapena gravel, kapenanso miyala yophwanya yosakanizika ndi fumbi lake.

Dothili silithiridwa lonse nthawi imodzi. Limathiridwa masentimita 7 kapena 8, n'kuwazidwa madzi pang'ono, n'kutsindiridwa, kenako n'kuwonjezerapo lina. Chinyezi choyenera ndi chimene dothi likafumbatidwa limagwirana koma osatulutsa madzi.

Makina otsindira, omwe amabwerekedwa patsiku, ndiwo amagwira bwino ntchitoyi. Chitsulo kapena chipika chotsindira ndi manja chimakwanira pakanjira kakang'ono, koma osati poimika galimoto. Maziko atsindirika mokwanira ngati chidendene cha nsapato sichikusiya chizindikiro, ndipo wilibala yodzaza ikudutsa osalemba mzere.

Kutsetsereka kwa bwalo kumapangidwa pamaziko pomwepa. Amene amayesa kukonza zolakwika pochulukitsa mchenga pamalo ena amadzaona mapeva akutitimira pamalo omwewo.

Mpendero wa bwalo

Popeza mapeva samatidwa, chimene chimawagwira ndi mpendero wa m'mphepete. Popanda mpendero, a kumapeto amasuntha, mipata imakula, mchenga umatuluka, ndipo bwalo lonse limamasuka ngati mkeka wothothoka ulusi.

Mpendero umamangidwa ndi miyala ya konkire yaitali imene amisiri amati kerb, kapena ndi mapeva omwewo oimikidwa m'konkire. Kumbuyo kwake kumathiridwa konkire ina yochirikiza. Apa pokha ndi pamene simenti imafunika, ndipo ipatsidwe masiku angapo kuti igwire makina asanafikepo.

Mchenga ndi kuyala

Mchenga woyalapo mapeva ukhale wamtsinje, wokhakhala, wopanda dothi ndi zinyalala. Ena amagwiritsa ntchito fumbi la miyala lotchedwa quarry dust, koma likakhala losalala kwambiri limasunga madzi.

Njira yosalazira ndi kugoneka mapaipi awiri ofanana pamaziko, kuthira mchenga pakati pake, ndi kukoka thabwa lowongoka pamwamba pa mapaipiwo. Mapaipi akachotsedwa, mizere yotsalayo imadzazidwa. Pamchenga wosalazidwa sapondapo munthu, mwana kapena nkhuku.

Kuyala kumayambira pangodya kapena pamzere wowongoka, woyalayo ataima pamapeva amene wayala kale. Pakati pa peva ndi linzake pamasiyidwa kampata ka mamilimita 2 mpaka 5. Chingwe chikokedwe pakatha mizere ingapo iliyonse kuti mizere isakhote.

Pabwalo loyenda galimoto, kayalidwe kolimba koposa ndi kopingasana ngati minga ya nsomba, komwe amisiri amati herringbone. M'kayalidwe kameneka peva lililonse limatsekeredwa ndi anzake, ndipo tayala likamakhota silitha kukankha mzere wonse.

Mapeva a m'mphepete amadulidwa pomaliza. Wodula ndi makina avale zoteteza maso, mphuno ndi pakamwa, kapena azithira madzi podulapo, chifukwa fumbi la konkire limawononga mapapo. Tizidutswa tochepera gawo limodzi mwa magawo anayi a peva sitikhalitsa, choncho ndi bwino kutipewa.

Zonse zikayalidwa, makina otsindira amadutsa pamwamba kawiri kapena katatu. Kenako pamathiridwa mchenga wosalala wouma, n'kuusesera m'mipata ndi tsache, ndipo makina amadutsanso. Mchenga wa m'mipatawu ndiwo umachititsa kuti katundu wolemera pa peva limodzi agawikane kwa oyandikana nalo. Pakatha milungu iwiri kapena itatu uwonjezeredwe, chifukwa woyambawo umakhala utatsika.

Kunja kwa geti ndi kwa khonsolo

Malo a pakati pa mpanda ndi msewu si a mwini nyumba. Amene akufuna kuyala mapeva mpaka kumsewu, kapena kuika kamlatho pangalande, ayambe wafunsa ku khonsolo ya Kafue.

Kukwirira ngalande pofuna kuti galimoto izilowa bwino kumabwezera madzi kwa onse okhala kumtunda kwake. Paipi yoikidwa pansi pa polowera ikhale yaikulu mokwanira, ndipo izichotsedwa zinyalala mvula isanayambe.

Pogwirizana ndi mmisiri

Amene walemba mmisiri achite naye pangano lolembedwa, losonyeza kukula kwa malo, kukhuthala kwa maziko ndi kumene madzi adzapite. Malipiro agawidwe m'magawo, ndipo mwini nyumba aone ndi maso ake gawo lililonse lisanakwiriridwe. Maziko akaphimbidwa ndi mchenga, palibenso angadziwe ngati anali masentimita 15 kapena 5.

Ndi chanzeru kukaona bwalo limene mmisiriyo anayala zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Bwalo latsopano lililonse limakongola, koma lakale ndilo limachitira umboni.

Malipiro omaliza asanaperekedwe, pathiridwe ndowa zingapo za madzi pabwalopo. Madziwo ayenera kuyenda kuchoka kunyumba osaima paliponse.

Kusamala bwalo

Miyezi yoyamba, mapeva ena amatuluka zoyera ngati mchere. Zimenezi zimachokera m'simenti, ndipo zimatha zokha ndi mvula ndi kusesa.

Udzu womera m'mipata uzulidwe ukadali waung'ono, ndipo pamene nyerere zatulutsa mchenga pabwezeredwe wina. Pamthunzi pamamera ndere zoterera, zomwe ndi zoopsa kwa okalamba ndi ana, choncho pazikwechedwa ndi bulashi. Malo ena akatitimira, mapeva ake amazulidwa, maziko n'kukonzedwa, ndipo omwewo amabwezeredwa.

Mapeva amatentha kwambiri m'mwezi wa Okutobala, ndipo amasunga kutenthako mpaka usiku. Bwalo loyalidwa lonse, mpanda mpaka mpanda, limatenthetsa nyumba ndi kumana nthaka madzi. Chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chomwe pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinakumbutsa anthu kuti madzi olowa m'nthaka ndiwo amadzatuluka m'zitsime ndi m'mijigo.

Choncho ndi bwino kuyala pamene pakufunikadi: polowera galimoto, njira ya kukhomo, ya kubafa ndi kuchimbudzi, ndi pochapira. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala usiyiridwe malo a mita imodzi kapena kuposerapo kuzungulira tsinde lake, kuti mizu ipume ndi kumwa. Malo otsalawo akhale a udzu, maluwa ndi ndiwo zamasamba.

Akale anati walira mvula walira matope. Mwini nyumba wa ku Kafue amene wayeza nthaka yake, watsindira maziko ndi kuwapatsa madzi njira angathe kuilandira mvula ya mu Disembala ali pakhonde, iye ndi mnansi wake onse pouma.